Msilikali amene sanachokenso pakhomo

Chaka ndi chaka, Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, akuluakulu a boma ndi a nkhondo amasonkhana pa zipilala zachikumbutso ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Lipenga limalira, anthu amakhala chete kwa mphindi ziwiri, kenaka nkhata za maluwa zimaikidwa pansi pokumbukira amene anafera ku nkhondo zikuluzikulu ziwiri za dziko lonse. Ife a m'mbali mwa nyanja mwambowu timangoumva pa wailesi, pa nthawi imene maso athu amakhala ali kumwamba kudikira mvula yoyamba. Ambiri timautenga ngati nkhani ya ku boma, yosafika pa makomo athu. Chikhalirecho m'midzi ya ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota muli mabanja ambiri amene kumanda kwawo kukugona munthu amene anavalapo yunifolomu ya King's African Rifles, gulu lankhondo limene makolo athu ankalitchula kuti Keyala.

Mmodzi mwa anthu otere anali agogo athu aamuna, bambo wa mayi athu, Allah awachitire chifundo. Dzina lawo lenileni linkamveka pa ukwati ndi pa milandu pokha. Masiku ena onse mudzi unkawaitana ndi udindo umene anabwera nawo kuchokera ku nkhondo: Che Kopolo. Ife adzukulu tinkangoti ambuje, monga tichitira m'nyumba za Chiyao. Tinawapeza ali okalamba kale, aatali, owonda, oyenda mowongoka ngati mgwalangwa, ndipo tinakhala nawo pabwalo limodzi kufikira tsiku limene tinawanyamula kupita nawo kumanda. Ku nkhondo anakhalako zaka zochepa chabe. Pakhomo anakhalapo zaka zambirimbiri, ndipo ife amene tinadya za m'manja mwawo tikuona kuti ntchito yaikulu ya moyo wawo inagwiridwa pakhomopo.

Usilikali sunali chinthu chachilendo kwa anthu a kwathu. Gulu la Keyala linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo magulu ake awiri oyamba anali a kuno ku Nyasaland, likulu lawo lili ku Zomba. Azungu ankakonda kulemba anyamata a Chiyao, kotero Asilamu anali ochuluka m'magulu amenewa kuyambira pachiyambi. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akale ankaitcha nkhondo ya chiwaya, inafika mpaka panyanja yathu ino. Mfuti imene ili pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi inachokera mu sitima yotchedwa Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawononga sitima ya Ajeremani cha kumtunda kwa nyanja. Pa nkhondo imeneyo amuna ankhaninkhani anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali pa ntchito ya tengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Bambo wa Che Kopolo anali mmodzi mwa osenzawo. Anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiye.

Tikawafunsa agogo chimene analowera usilikali atadzionera okha zimene nkhondo inachita kwa bambo awo, sankakometsa yankho. Ankati zifukwa zinali zitatu. Choyamba chinali msonkho, umene unkafunika ndalama pa nthawi imene ndalama inali yosowa m'mudzi. Chachiwiri chinali mfumu, imene a boma anaiuza kuti ipereke anyamata, ndipo mnyamata wopanda mkazi ndi mwana ndiye ankayamba kulozedwa chala. Chachitatu ankachinena akuseka: anali atakula akuvina beni, gule wotsanzira perete wa asilikali, ndiye mtima wachinyamata unkalakalaka kuvala zenizeni. Za mfumu ya ku England kapena za Hitler sankadziwa kanthu pa tsiku limene anaika chala pa pepala ku Fort Johnston, monga boma la Mangochi linkatchulidwira masiku amenewo.

Ataphunzira za nkhondo ku Zomba, anawatengera kumpoto mpaka ku Kenya. Ku Mombasa anakwera sitima yaikulu, ndipo munthu wobadwira pa nyanja anaona kwa nthawi yoyamba madzi amchere opanda tsidya. Mu 1943 anali pa chilumba cha Ceylon, chimene lero ndi Sri Lanka, kuphunzira kumenya nkhondo m'nkhalango. Mu 1944 gulu lawo lalikulu, 11th East African Division, mmene munali asilikali a ku Nyasaland, Northern Rhodesia, Tanganyika, Kenya ndi Uganda, linadutsa ku India ndi kulowa m'dziko la Burma kukathamangitsa asilikali a Japan amene anali atagonja ku Imphal ndi ku Kohima.

Njira yawo inadzera m'chigwa cha Kabaw, ndipo anachilowa pakati pa nyengo ya mvula yamphamvu ya kumeneko, nthawi imene magulu ankhondo kawirikawiri ankaima kudikira kuti kuche. Agogo ankati mvula ya kwathu ili ndi ulemu chifukwa imagwa n'kukata, pamene ya ku Burma inkagwa usana ndi usiku mpaka nsapato kuolera kumapazi. Misewu inasanduka phala, magalimoto anatitimira, katundu ankayenda pa nyulu ndi pamitu ya anthu, ndipo chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege kuchokera mumlengalenga. Misundu inkalowa m'zovala. Malungo, kamwazi ndi matenda ena a m'tchire ankagwetsa anthu tsiku ndi tsiku, ndipo msilikali aliyense ankamwetsedwa mapiritsi oletsa malungo amene ankasandutsa thupi chikasu. Kumayambiriro kwa Disembala 1944 anafika pa Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin. Maina amenewa tinayamba kuwamva pakamwa pa agogo tili ana, tikumayesa kuti ndi midzi ya kuseri kwa mapiri a ku Mozambique. Tinadzawapeza pa mapu titakula.

Za ulendo umenewu zimene ankakonda kusimba zinali za Swala. Kwathu kuno tikamaswali timayang'ana chakumpoto. Atafika ku Ceylon anadabwa kuona Asilamu a kumeneko akuyang'ana chakumadzulo, ndipo anayamba ayesa kuti asokera. Msilikali wina wa ku India ndiye anawajambulira pansi ndi kamtengo, kuwaonetsa kuti Makka ali pamalo amodzi, woyenda ndi munthu. Ankati tsiku limenelo ndi pamene anazindikira kukula kwa dziko ndi kukula kwa Chisilamu. Chiyankhulo sankamvana ndi Asilamu a ku Punjab amene anali m'magulu a India, koma akayamba kuwerenga Qur'an mawu ankakhala amodzimodzi ndi amene mwalimu anawaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango kwawo. M'nkhalango ankafupikitsa Swala monga aloledwa wapaulendo, ndipo pamene kupita kumadzi kunali kuika moyo pachiswe ankachita tayammum. Nyama ya m'zitini sankaikhulupirira, choncho ankaisinthanitsa ndi mabisiketi kapena mpunga kwa anzawo. Masiku ena Swala inkawadutsa ali m'dzenje, mfuti ili m'manja. Masiku amenewo ankawawerenga, ndipo atabwerera anakhala nthawi yaitali akubweza.

Panali zina zimene sankasimba. Mdzukulu akafunsa ngati anaphapo munthu, agogo ankadzuka n'kupita kukayang'ana mbuzi. Agogo aakazi ndiwo anadzatiuza, ife titakula, kuti zaka zoyambirira za banja lawo mwamuna wawo ankadzidzimuka usiku akufuula, thukuta lili kamukamu, makamaka mvula ikamagwa ndi ziphaliwali. Iwo ankayatsa koloboyi, n'kuwapatsa madzi, n'kukhala nawo pamphasa mpaka adhana ya m'bandakucha. Masiku amenewo kunalibe dokotala wa matenda a maganizo amene msilikali wa kumudzi akanamuona. Anzawo ena amene anabwera ndi katundu yemweyo mumtima anamutulira mu kachasu, ena pa misana ya akazi awo ndi ana awo. Che Kopolo anamutulira pa mkeka wa Swala ndi pa khasu. Chinthu chimodzi chokha chowawa chimene anatiuza ndi pakamwa pawo chinali cha mnzawo wa ku Makanjira amene anamuika m'chigwa cha Kabaw atamukulunga m'bulangete, popanda sanda, popanda womusambitsa, Swala ya Janaza itaswalidwa ndi anthu atatu mofulumira. Munthu ameneyu ankamutchula mu dua zawo mpaka ukalamba.

Nkhondo inatha mu 1945, koma kubwerera kwa asilikali kunatenga miyezi yambiri. Anafika kwawo ndi bokosi lachitsulo, jasi lankhondo, mamendulo, pamodzi ndi ya Burma Star, ndi kandalama kotsazikira. Ndalama imeneyi inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene ankalandira mzungu wa udindo womwewo, ngakhale chipolopolo sichinkasankha khungu. Ambiri anaidya m'miyezi yochepa. Agogo anagula makina osokera opalasa ndi phazi, anapereka mahari, namanga nikah ndi mtsikana wa m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja. Monga mwa mwambo wathu, anasamukira kwa mkazi. Munthu amene analamulirapo asilikali pa nkhondo anakhala mkamwini, wolima munda wa apongozi, wopanda mawu pa bwalo la eni mbumba. Sitinamvepo kuti anadandaula. Ankati amene anaphunzira kumvera sajeni sangavutike kumvera apongozi.

Yeso loyamba la banjali linafika msanga. Mu 1949 mvula inakana ndipo njala yaikulu inagwa, makamaka m'chigawo cha kummwera. Amayi achikulire amene anaiona njala imeneyo amaikumbukira chinthu chimodzi chochititsa manyazi: amuna ambiri a chikamwini anatsazika kuti akukafuna chakudya kwawo, osabweranso, kusiya akazi ndi ana akudya mizu ndi zikhawo. Agogo nawonso anatsazika. Ananyamula makina awo osokera pamutu, nayenda masiku angapo kumka kumapiri kumene kunali chinangwa, nasoka zigamba za anthu posinthana ndi makaka. Patapita milungu iwiri anatulukira ndi thumba pamutu. Anachita ulendo womwewo kangapo mpaka dzinja linapita. Pa ulendo womaliza anabwera ndi chakudya koma opanda jasi lankhondo lija, chifukwa nalonso linali litasanduka ufa. Agogo aakazi ankati kuyambira chaka chimenecho abale awo anasiya kuwatchula amuna awo kuti mlendo.

Yeso lachiwiri linali la ndalama. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 amuna a kwathu ankakhamukira ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Obwerako ankabwera ndi njinga, wailesi ndi masuti. Ena sankabwerako konse, n'kusanduka matchona. Munthu wodziwa chikhalidwe cha azungu ndi kulamulira anthu ngati Che Kopolo akanapeza ukapitawo mosavuta, ndipo anzawo anawakopa kambirimbiri. Yankho lawo linali lomwelomwelo: "Ine kutali ndinapitako kale, ndipo ndinaona kuti kulibe ana anga." Anakhala, akusoka pa khonde la sitolo, akulima mpunga kudambo, akulowa nawo m'gulu la chilimira nyengo ya usipa ndi utaka. Sanalemere. Nyumba yawo inafoleredwa ndi malata ana atayamba kale ntchito. Koma palibe mwana wa m'nyumba imeneyo amene anakula akufunsa kuti bambo ake amaoneka bwanji.

Pa nkhani ya sukulu anatsutsana ndi anthu a msinkhu wawo. Masiku amenewo sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo makolo achisilamu ankaopa, ndi chifukwa chomveka, kuti mwana akapita kumeneko akasintha dzina ndi chipembedzo. Agogo anali ataona ku nkhondo kuti wodziwa kulemba ndiye ankakhala kalaliki, woyendetsa galimoto kapena wa mawailesi, pamene wosadziwa ankasenza. Iwo eni anaphunzira kuwerenga Chinyanja ali ku usilikali. Choncho analamula kuti ana awo onse, aakazi omwe, m'mawa azipita ku sukulu, masana ku madrasa, ndipo madzulo iwo ankakhala pa mpando wa ndalema kumvetsera zonse ziwiri. Anthu ankanena kuti mkamwini akuwononga ana a eni ake, popeza kwathu mwana ndi wa kwa amalume. Agogo ankayankha mofatsa kuti pa tsiku la chiweruzo adzafunsidwa za anawo ndi iwo amene anawabereka. Mayi athu anafika Sitandade 8 chifukwa cha kuuma mtima kumeneko, ndipo ifenso amene lero tikuphunzitsa ana a anzathu ku madrasa tinadutsa pa njira imene iwo analambula.

Usilikali unawatsalira m'zinthu zing'onozing'ono. Ankadzuka adhana isanamveke. Chimbudzi cha pakhomo pawo chinali chakuya ndi chovundikira pa nthawi imene ambiri ankangothamangira kunyanja, ndipo ankakwirira zithaphwi zonse zozungulira nyumba chifukwa ankadziwa kumene udzudzu umaswana. Pa chakudya ankadya pomaliza. Ankati kopolo sadya anyamata ake asanadye, ndipo m'mwezi wa Ramadhan ankaonetsetsa kuti mbale ya futari yafika kwa mayi wamasiye wa kuseri kwa mzikiti iwo asanakhudze yawo. Koma mbali imodzi ya usilikali anaisiya ku Burma. Sanakwezepo dzanja pa mkazi, mwana kapena mdzukulu. Mwana wolakwa ankamukhazika pansi n'kumufunsa mafunso mpaka mwanayo kulakalaka akanangokwapulidwa. Tsiku lina mkulu wina anawauza kuti akulekerera ana. Iwo anatambasula manja awo n'kunena kuti, "Manja awa anachita zokwanira. Otsalawa ndi masiku osoka."

Agogo aakazi atadwala matenda ofa ziwalo, ana aakazi anali okonzeka kuwasamala monga mwa mwambo. Che Kopolo anawalola kuphika ndi kuchapa, koma kumwetsa phala, kutembenuza wodwala usiku ndi kumutulutsa kukaothera dzuwa anati ndi ntchito yawo. Anthu odutsa ankaona nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu itagwada ikudula zikhadabo za mkazi wake, ena n'kumaseka chamumtima. Iwo ankati mayiyu anawadikirira usiku wambiri pamene nkhondo inkawabwerera kutulo, ndipo ngongole yotere sabweza ndi mawu.

Achinyamata amene timawaphunzitsa, makamaka amene awerengako mbiri, amatifunsa funso lolemera: kodi n'koyenera kulemekeza Msilamu amene anamenyera nkhondo atsamunda, omwewo amene analanda dziko lake? Funsoli si lachibwana, ndipo si latsopano. John Chilembwe analifunsa kale mu 1914 pamene analemba kalata yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo imene si yawo. Agogo nawonso sankabisa kuti nkhondoyo inali ya eni ake. Mamendulo awo ankakhala m'chitini cha tiyi pamodzi ndi mabatani ndi singano, ndipo sitinawaonepo atawavala ku mzikiti. Ife timayankha ana athu kuti mnyamata wosaphunzira, wofinyidwa ndi msonkho ndi lamulo la mfumu, sitingamuweruze ngati kuti anali ndi ufulu umene ife tili nawo lero. Mlandu wa nkhondoyo uli ndi eni ake, ndipo Woweruza alipo. Chimene chinali m'manja mwa agogo ndi zimene anachita atabwerako, pamene panalibenso sajeni wowalamula. Pamenepo ndi pamene timawayeza, ndipo pamenepo sikelo yawo ikulemera.

Atamva kuti mphamvu zikutha, anaitana ana ndi adzukulu. Anatchula ngongole ziwiri zazing'ono zoti zibwezedwe asanaikidwe. Makina osokera anapatsa mdzukulu wamkazi amene banja lake linali litatha. Mamendulo anati asungidwe ndi mayi athu, kuti ana akadzafunsa adzaonetsedwe, ndipo adzauzidwe kuti nkhondo si beni. Kenaka anapempha kuti tikamawapangira dua tiziphatikizamo mnzawo uja wa ku Makanjira, popeza iwo akapita sipadzakhalanso womukumbukira. Anamwalira m'nyumba mwawo, pa mphasa yawo, ana atawazungulira. Anasambitsidwa, anavekedwa sanda yoyera, ndipo mizere ya Janaza inasefukira kunja kwa mzikiti. Zonse zimene mnzawo anazisowa m'chigwa cha Kabaw iwo anazilandira. Lipenga silinalire, ndipo ku boma sikunabwere munthu.

Mu 2021 bungwe losamala manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu oposa 100,000 amene anafera ku nkhondo yoyamba ija, ambiri mwa iwo Aafirika, sanalembedwe maina pa chikumbutso chilichonse. Ngati eni nkhondo anaiwala maina, ife eni anthu tisayembekezere kuti wina adzatikumbukirira. Asilikali a Keyala atsala owerengeka, mwinanso m'midzi yambiri atha. Koma ana awo alipo, ndipo m'mabokosi muli mamendulo, zithunzi ndi timabuku ta usilikali timene chiswe chikudya. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo likauma moto umadutsa. Tikupempha mabanja kuti akhale pansi ndi achikulire amene atsala, afunse, alembe m'kope dzina la munthuyo, kumene anapita, ndi mmene anakhalira atabwerako.

Tisaiwalenso kuti asilikali opuma sanathe ndi Keyala. Pakati pathu pali amene analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndi amene apita kukasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo, kumene mu Novembala 2018 asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi tauni ya Beni. Ena mwa obwerako timaswali nawo mzere umodzi, osadziwa chimene chimawadzutsa usiku. Akazi awo akudziwa, monga ankadziwira agogo athu aakazi. Mabanja otere tiwayendere, amasiye awo tiwakumbukire pa Zakaat ndi sadaka, ndipo msilikali akafuna kulankhula timumvetsere popanda kumufunsa kuti anapha angati.

Allah awakhululukire Che Kopolo, awakulitsire manda awo, awakumanitse ndi mkazi wawo pamalo abwino. Amukhululukirenso mnyamata wa ku Makanjira amene akugona m'dziko la Burma, amene dzina lake tsopano likutchulidwa ndi adzukulu a mnzake. Ameen.